Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaluso ya Australia: riji ili ndi eni ake, afunseni isanagulitsidwe

Olemekezeka a Nduna, pamodzi ndi inu akuluakulu a nyumba za okushoni ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale,

Ndine mlendo m'dziko lanu. Kwathu ndi ku Malawi, koma kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira odwala ku Western Australia, poyamba ku Perth, kenako miyezi ingapo ku Broome. Kwathu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komanso amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiye ndisanakamuke, ndiloleni ndimeteko pang'ono. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Inu omasulira muli nawo, pamene anzanga akwathu, amene nawonso zinthu za makolo awo zili m'magalasi a eni kutsidya la nyanja, nkhani ya riji, chigoba cha m'nyanja chimene Aaborijini, eni nthaka a Australia, amagoba mizere, sanaimvepo, ndipo ndikufuna aimve m'chinenero chimene amadandaulira.

Loweruka lina ndili ku Perth, pothawa dzuwa, ndinalowa m'kasitolo kena kogulitsa zinthu zakale. M'kabati yagalasi, pakati pa mawotchi akufa ndi ndalama zasiliva zimene zinasiya kugwira ntchito kalekale, munali chigoba chonyezimira, chachikulu ngati chikhatho changa nditatambasula zala, chosongoka pang'ono kumtunda kumene kunali kabowo. Pankhope pake panali mizere yokhotakhota, yokolanakolana, yofiira ngati katondo mvula itangogwa. Pakabowo panali patatsalira kachingwe kakuda kothothoka. Ndinafunsa ngati unali ubweya wa nyama. Mwini sitolo anati ayi, ndi tsitsi la munthu, ndipo ananena monyadira, ngati wotsatsa mbuzi amene akukuonetsa mano ake kuti usanenerere mtengo.

Pakapepala komangiriridwa pamenepo panalembedwa zinthu zitatu zokha: kuti chinachokera ku Kimberley, dera la kumpoto kwa Western Australia, kuti n'chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi kuti wosema wake sadziwika. Mtengo wake unali woposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Nditafunsa mmene chinafikira m'kabatimo, bamboyo anati anachigula ku okushoni, kumene chinafika m'katundu wa mkulu wina womwalira, amene nayenso anachilandira kwa agogo ake. Nanga agogowo anachipeza bwanji? Apa anangoseka. Kenako anandilangiza ngati mwana, kuti ndikafuna kugula ndizigula zakale ngati chimenechi, zokhala ndi tsitsi lake, chifukwa zatsopano zimene anthu akusema lero n'za alendo odzaona malo.

Ndinatuluka mawu awiri akundizungulira m'mutu: wosema sadziwika. Sadziwika kwa yani? Munthu amene anakhala pansi masiku angapo akugoba mizere imeneyo anali ndi dzina, anali ndi mtundu, anali ndi dera lake la nyanja. Tsitsi lija linametedwa pamutu pa munthu wa abale ake. Amene sanadziwe ndi uyo anachitenga, ndipo sanadziwe chifukwa sanafunse, kapena anafunsa koma sanaone chifukwa cholembera. Kapepalako kakanakhala koona kakanati: wotenga sanafunse.

Ndifotokozeko pang'ono za chinthuchi, chifukwa cha anzanga amene akuwerenga nawo. Chigobachi n'cha nkhono ya m'nyanja yamchere yotchedwa Pinctada maxima, yaikulu kuposa nkhono zonse zobereka ngale, yoti ikakula imafika masentimita 30. A Bardi ndi a Jawi, eni nthaka a kumapeto kwa Dampier Peninsula ndi zilumba za pakamwa pa King Sound, chigoba chosalembedwa amachitcha guwan. Chikagobedwa mizere n'kupakidwa dothi lofiira, ndiye chimakhala riji. Kumtunda m'chipululu ena amati jakuli, ndipo pakatikati pa dziko amati longka longka. Mwamuna amachivala kutsogolo, chitalendewera pa lamba wopota ndi tsitsi, ndipo si chovala choti aliyense angodzikoleka. Mnyamata amachilandira atadutsa magawo a chinamwali, akuluakulu atakhutira kuti tsopano ndi munthu.

Ku King Sound madzi amakwera ndi kuphwera mamita oposa 10. Akaphwera kwambiri, miyala ya pansi pa nyanja imaonekera, ndipo anthu ankapita pa mapaka, mitengo ya m'madzi yomangidwa pamodzi, kukatola zigoba ndi manja. A Bardi amasimba poyera kuti zigobazo ndi mamba a Aalinggoon, njoka yaikulu ya utawaleza, amene amathothoka ikagona chagada pamwamba pa madzi mwezi uli wathunthu. Ndiye munthu akagwira riji, sagwira chokongoletsera chabe. Wagwira madzi, mvula ndi ching'aning'ani. N'chifukwa chake zigobazi zinayenda kutali. Zinkadutsa m'manja ndi m'manja, mtundu kupatsira mtundu, mpaka pakati pa dziko, ku South Australia ndi kumadzulo kwa Queensland, kwa anthu amene nyanja sanaionepo, amene ankazigwiritsa ntchito poitana mvula ndi pochiza. Pamalo otchedwa Widgingarri ku Kimberley, ofukula zakale anapeza kachidutswa ka chigoba chotere ka zaka zoposa 20,000. Wakwathu akamva izi akumbukira mphande, kachigoba koyera kozungulira kamene kankachokera kugombe la kum'mawa kwa Africa n'kudzathera m'khosi mwa mafumu a kumtunda.

Pali chinthu chimodzi pa ulendo umenewu chimene ogulitsa safuna kuchimva. Riji ikamayenda inkasintha kulemera. Imene kugombe inkavalidwa pabwalo, amayi ndi ana akuonerera gule, ikafika kuchipululu inkatha kulowa m'miyambo yobisika, yoti wosavinidwa asaione. Zigoba ziwiri zingafanane ngati mapasa, china n'kukhala choti aliyense aone, chinacho n'kukhala choopsa. Kusiyana kwake sikuoneka ndi maso a wogulitsa, ngakhale atavala magalasi angati. Kumadziwika ndi eni ake.

Izi sindinaziwerenge chabe. Ndili ku Broome, mnzanga wa kuntchito, mwana wa komweko, ananditengera kwawo kumpoto, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 mumsewu wopita ku Cape Leveque. Tinapeza amalume ake atakhala pansi pa mtengo, thaulo lakale lili pamiyendo, akugoba chigoba ndi kamakina kamagetsi kolira ngati ka dokotala wa mano. Msana wokakala wa chigobacho anali ataukhula kale, m'mphepete atasalaza. Fumbi loyera linali mbuu m'manja mwawo mpaka m'zigongono. Atamaliza mzere womaliza anatenga dothi lofiira losakaniza ndi mafuta, n'kulipaka ndi chala chachikulu pankhope ponse pa chigobacho, mpaka ine mumtima ndinati aononga ntchito ya masiku onsewa. Kenako anapukuta ndi kansalu. Kufiira kunachoka ponse, kunangotsalira m'mizere mokha, ngati mphini pankhope ya gogo. Anachipendeketsa kudzuwa, ndipo kuwala kunathamanga pamwamba pake monga kumachitira pamadzi mphepo ikadutsa.

Anandiuza kuti mizere imeneyo anaphunzitsidwa ndi bambo awo, ndi kuti pali mizere ina imene amaidziwa bwinobwino koma sangaigobe, chifukwa ndi ya banja lina. Apa ndinakumbukira chithunzi cha chigoba cha m'sitolo muja, chimene ndinajambula pafoni. Nditawaonetsa, anachiyang'ana kanthawi osayankhula. Kenako anati si chawo, kalembedwe kake n'ka anthu a kum'mwera kwa Broome, ndipo anatchula mtundu woyenera kufunsidwa. Anawonjezera, mwaulemu koma mosapsatira, kuti ndisachiike pa Facebook eni akewo asanachione. Manyazi anandigwira, chifukwa dzulo lake lomwelo ndinatsala pang'ono kuchiponya pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi. M'mphindi ziwiri, mkulu uja ananena zambiri kuposa zimene kapepala ka m'sitolo kananena m'zaka zonse chigobacho chakhala chikusintha manja. Palibe wogulitsa ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zomufunsa.

Olemekezeka, mawu akuti "kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900" amakweza mtengo, koma inu mukudziwa zimene zinkachitika kugombe limenelo nthawi imeneyo. Malonda a zigoba anayamba m'ma 1860 cha ku Nickol Bay ndi Cossack. Zovala zomirira kunalibe, ndipo amene ankamira anali Aaborijini, amuna, akazi ndi ana omwe, opanda chilichonse chowathandiza kupuma. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa kumtunda, kumangidwa maunyolo, kuyendetsedwa mpaka kugombe, ena n'kusungidwa pazilumba ngati Lacepede Islands podikira nyengo. Ochita malondawo ankautcha mchitidwewu blackbirding, ngati kuti akutchera mbalame. Mu 1871 boma la Western Australia linakhazikitsa lamulo loletsa kulemba akazi achiaborijini m'maboti amenewa, ndipo lamulo sililetsa chinthu chosachitika. Ku Broome lero kuli chifanizo cha mayi woyembekezera akuvuuka m'madzi, chigoba chili m'manja. Ndinaimapo nthawi yaitali. Ntchito yanga imandionetsa mmene mayi wapakati amapumira movutika akangokwera masitepe ochepa.

Tauni ya Broome inakhazikitsidwa mu 1883, ndipo pofika 1910 inali ndi maboti pafupifupi 400, ikudyetsa msika waukulu wa zigoba padziko lonse. Nthawi imeneyo omira ambiri anali ochokera ku Japan, Timor, Philippines ndi madera a Amalay, ndipo m'manda a Ajapani okha mumzindawo munaikidwa anthu oposa 900. Zonsezi zinali za chiyani? Makamaka mabatani a malaya. Mabatani apulasitiki atabwera m'ma 1950, msika unagwa. Mamba a Aalinggoon anathera pazifuwa za anthu a ku London ndi New York amene sanamvepo dzina lake.

M'zaka zomwezo, lamulo la Aborigines Act la 1905 linaika mwana aliyense wachiaborijini wosakwana zaka 16 m'manja mwa mkulu wa boma wotchedwa Chief Protector, ndipo linkalamulira kumene munthu angagwire ntchito, kumene angakhale, ngakhale amene angakwatirane naye. Munthu wokhala pansi pa lamulo lotere, wapolisi kapena bwana wa famu akaloza chimene wavala m'chiuno n'kuti ndikuchifuna, anali ndi pakamwa poti akanire? Mu 1910 ndi 1911, Eric Mjöberg wa ku Sweden anayendayenda ku Kimberley akutola tizilombo, mbalame, komanso mafupa a anthu, amene dziko la Sweden linadzabweza mu 2004. Ngati mafupa ankachoka m'njira imeneyo, tisadabwe kuti zigoba zinachoka bwanji.

Koma ndisakokomeze, chifukwa bodza limaononga mlandu wabwino. Si riji iliyonse yakale imene inabedwa. Riji ndi chinthu chimene kuyambira kale chinkapatsidwa ndi kusinthanitsidwa. Eni ake ena anagulitsa okha kwa amishoni ndi amalonda, ena anapereka ngati mphatso, ndipo ena anasema dala zoti agulitse. Butcher Joe Nangan, mkulu wa mtundu wa Nyikina amene anakhala ku Broome, ankagoba zithunzi za anthu, nyama ndi mizimu pazigoba n'kumagulitsa, ndipo dzina lake lili pa ntchito yake. Aubrey Tigan, amene anamwalira mu 2014, anatsitsimutsa luso limeneli pakati pa a Bardi ndi a Jawi, akuphunzitsa anyamata. Ndikutchula maina a anthu omwalirawa podziwa kuti kwa eni ake dzina la malemu silitchulidwa wamba, ndipo ndatchula okhawo amene analembedwa kale poyera m'nyumba zoonetsera. Lero abale awiri a m'mudzi wa Lombadina, ku Dampier Peninsula, Garry ndi Darrell Sibosado, akupitiriza, wina pachigoba penipeni, winayo akukulitsa mizere yomweyo ndi zitsulo ndi magetsi mpaka kudzaza khoma lonse, monga anachitira pa chionetsero cha zaluso cha Biennale of Sydney mu 2024. Kuletsa malonda onse a riji kungakhale kuwaphera mphika anthu ngati amenewa. Sindikupempha zimenezo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti msika unatembenuza zinthu. Riji ya munthu wamoyo, yodziwika mwini wake, yosemedwa mwa chilolezo, yoti ndalama yake ikagula ufa wa ana, ikutchedwa ya alendo. Yopanda dzina, yochokera m'zaka za maunyolo, ndiyo ikutchedwa yeniyeni. Kusowa kwa dzina kwasanduka chokometsera malonda. Wogulitsa sapindula kanthu akafufuza mwini wake. Akafufuza, mwina apeza kuti chinthucho sichiyenera kugulitsidwa n'komwe, ndiye bola kukhala chete.

Malamulo muli nawo, sindikukana. Lamulo la Protection of Movable Cultural Heritage Act la 1986 limaletseratu kutulutsa kunja zinthu zopatulika ndi zobisika za miyambo, mafupa a anthu, zojambula zapamiyala ndi mitengo yozokotedwa, ndipo zinthu zina zakale zofunika zimafuna chilolezo. Koma amene amayamba kuganiza ngati riji yake ndi yopatulika kapena ayi, ngati apemphe chilolezo kapena ayi, ndi mwini katundu yemweyo. Ndipo riji si bwato. Imalowa m'thumba la jekete, imakwana mu envelopu. Malonda a m'kati mwa dziko nawo amayendera malamulo osiyana chigawo ndi chigawo. Ku Victoria lamulo la 2006 limafuna chilolezo munthu asanagulitse zinthu zina zachikhalidwe cha Aaborijini, koma wogulitsa wochenjera amadziwa kumene mpanda uli wofooka.

Chiyambire 2010 muli ndi dongosolo lakuti ntchito yaluso ikagulitsidwanso pa madola a ku Australia 1,000 kapena kuposa, wosema kapena olowa m'malo mwake alandire 5 peresenti. Ndi dongosolo labwino, ndipo lathandiza amisiri ambiri achiaborijini. Koma taonani mmene mawu awiri aja, akuti wosema sadziwika, amalithawira. Wosema akakhala wosadziwika, palibe womulipira. Chigoba chingagulitsidwe kasanu, mtengo ukukwera ulendo uliwonse, wogulitsa adye, nyumba ya okushoni idye, wojambula chithunzi cha m'katalogi adye, koma kumidzi ya Aaborijini ya Ardyaloon ndi Bidyadanga kusafike ngakhale senti. Bwanji osakonza kuti pamene dzina la munthu palibe koma dera likudziwika, gawo limenelo lizipita ku thumba la anthu a deralo, lothandiza kuphunzitsa anyamata kusema ndi kusunga zimene zabwerera?

Pempho langa lalikulu ndi ili, ndipo ena onse ndi ana ake. Riji yakale isagulitsidwe ku okushoni, m'sitolo kapena pa intaneti, ndiponso isatuluke m'dziko, akuluakulu a eni ake asanaione ndi kunena mawu awo. Njira yowafikira ilipo kale. Kuli Kimberley Aboriginal Law and Culture Centre ku Fitzroy Crossing, imene yakhala ikugwira ntchito yobweza mafupa ndi zinthu za miyambo kwa zaka zambiri. Kuli Nyamba Buru Yawuru, bungwe la a Yawuru, eni nthaka a ku Broome, limene linagwirizana ndi Western Australian Museum pokonza chionetsero cha Lustre mu 2015, pamene nkhani ya zigoba inasimbidwa kuyambira kwa eni nyanja, osati kwa eni maboti. Kuli Kimberley Land Council, bungwe loimira eni nthaka a ku Kimberley pa nkhani za malo. A Bardi ndi a Jawi khoti linawavomereza mu 2005 kuti ndi eni nthaka, ndipo mu 2010 linawonjezera zilumba ndi nyanja yawo. Ngati khoti likuwadziwa, nyumba ya okushoni singanene kuti yasowa wofunsa.

Akaiona, mayankho angakhale osiyanasiyana. Ina adzati gulitsani, ilibe vuto, koma lembani kuti ndi ya anthu akuti. Ina adzati iyi isaonetsedwe, ibwerere kwathu. Ina adzati si yathu, kafunseni akuchipululu. Zonsezi zimatenga nthawi, miyezi mwina, ndipo nthawi ya akuluakuluwo ilipiridwe monga mumalipirira katswiri aliyense woyesa mtengo wa katundu. Ndikudziwa kuti kwathu timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma apa mwambiwu wagwiritsidwa ntchito molakwika nthawi yaitali. Nkhalamba ya kumudzi, yokhala makilomita oposa 2,000 kuchokera ku Perth, ndiyo ikuyembekezeredwa kuti izisakatula makatalogi a ku Sydney, Paris ndi New York, ipeze chinthu cha makolo ake, ilembe makalata, isonyeze umboni, zonsezi nyundo isanagwe Lachiwiri likudzali. Katunduyu asenze wogulitsa. Iye ndiye asonyeze kuti chinthucho chinachoka bwino, kapena kuti eni ake avomera.

Za tsitsi lija ndibwererekonso, chifukwa silindichoka m'maso. Mu Meyi 2020 kampani ya migodi ya Rio Tinto inaphulitsa mapanga a Juukan Gorge ku Pilbara, malo amene anthu anakhalamo zaka 46,000 zapitazo, ndipo inatero ili ndi chilolezo cha boma m'manja. Zina mwa zimene ofukula anali atapezamo kale chinali chidutswa cha lamba woluka ndi tsitsi la anthu, cha zaka pafupifupi 4,000, chimene atachiyeza anapeza kuti n'cha makolo enieni a anthu a Puutu Kunti Kurrama ndi Pinikura amene ali moyo lero. Dziko lonse linagwidwa ndi chisoni. Koma tsitsi lamtundu womwewo likulendewera pa riji m'masitolo, likutchulidwa ngati chokometsera mtengo, ndipo palibe akugwedezeka. Chilolezo cha papepala sichinapulumutse Juukan. Safunsa anadya phula, ndipo kumeneko phula linadyedwa ndi dziko lonse.

Inu a nyumba zosungiramo zakale, ena mwa inu mwayamba bwino. Mu 2019, kudzera mu ntchito ya AIATSIS, bungwe la boma la Australia lofufuza za eni nthaka, yobweza zinthu za makolo, Illinois State Museum ku America inabweza zinthu 42 kwa a Aranda ndi a Bardi Jawi, zimene katswiri wa zinenero Gerhardt Laves anatolera pakati pa 1929 ndi 1931. Chaka chomwecho Manchester Museum inavomera kubweza zinthu 43 kwa mitundu inayi, kuphatikizapo a Yawuru a ku Broome. Kumwamba sikunagwe, nyumba zimenezo sizinatsekedwe. Koma AIATSIS yomweyo inawerenga zinthu zoposa 100,000 za Aaborijini ndi anthu a Torres Strait zimene zili m'nyumba zakunja. Pa liwiro la makumi anayi pa ulendo, nkhalamba zimene zingathe kuwerenga mizere imeneyi zidzakhala zitapita kale. Apa ndi pamene pali changu chenicheni. Chigoba chingadikire zaka zina 100 m'kabati osaonongeka, koma amalume a mnzanga aja sangadikire. Olemekezeka, ndalama za ntchito imeneyi zisamakhale zoperekedwa mwa apo ndi apo ngati chithandizo cha njala. Zikhale zokhazikika, zokwanira kuti akuluakulu akwere ndege akaone okha zimene zili m'madirowa, ndiponso zokwanira kumanga malo osungira abwino kumidzi kwawo, kuti zobwererazo zisakathere m'kontena yotentha.

Ndipo pamene mukuika zithunzi za katundu wanu yense pa intaneti, ntchito imene ndikudziwa kuti mumainyadira, yambani mwafunsa. Ine ndinachenjezedwa pansi pa mtengo chifukwa cha chithunzi chimodzi cha pafoni. Inu muli ndi mazana. Wakwathu aliyense amene anakulira kufupi ndi dambwe amadziwa mmene mtima umachitira ukaona chinthu cha gule wamkulu chitapachikidwa pakhoma la hotela, kapena chikutsatsidwa pa intaneti ndi mtengo pambali pake. Si mkwiyo wokha. Pamakhalanso mantha, akuti wina wosayenera waona, ndipo mlandu wake ugwera ndani.

Mu Januwale 2023, mu ndondomeko yanu ya chikhalidwe yotchedwa Revive, boma linalonjeza lamulo lapadera loteteza nzeru ndi zaluso za eni nthaka. Chifukwa chake n'chomveka. Productivity Commission, bungwe lolangiza boma pa zachuma, inapeza mu 2022 kuti pa zikumbutso zitatu zilizonse zooneka ngati zachiaborijini, ziwiri n'zabodza, zopangidwa popanda Mwaborijini aliyense. Mu 2019 khoti linalamula kampani ya Birubi Art kulipira madola 2.3 miliyoni chifukwa chogulitsa zinthu zopangidwa ku Indonesia ngati kuti zinapangidwa ndi Aaborijini, koma chimene chinalangidwa pamenepo ndi bodza la pa kapepala, osati kuba mizere ya eni. Lamulo munalonjezalo lisathere pa zikumbutso za m'masitolo a pabwalo la ndege. Lifike pa mizere ya riji, imene ndi yakale kwambiri moti malamulo wamba a umwini wa zolemba saiteteza, koma ili ndi mabanja amene amaisunga ndi kudziwa woyenera kuigoba. Ngati mkulu uja amadziletsa yekha kugoba mizere ya banja loyandikana nalo, fakitale ya kutsidya la nyanja ikuloledwa bwanji kuidinda pa ndolo ndi pa malaya?

Kwa inu okonda kutolera zinthu zotere, amene mwina kalatayi ikupezani, sindikukuonani ngati akuba. Ambiri mumazikondadi, mumazipukuta, mumazisunga bwino kuposa mmene boma likanasungira. Koma ngati muli ndi riji yakale m'kabati, lembani kalata ku mabungwe ndatchula aja, tumizani chithunzi mwachinsinsi, mumve chimene anene. Mwina mudzabwezeredwa ndi dzina ndi nkhani yake, zimene simukanazigula ndi ndalama. Ndipo mukafuna ina, pitani kwa wosema wamoyo, kapena ku malo ogulitsira a anthu a m'mudzimo, kapena kwa wogulitsa amene anasaina Indigenous Art Code, pangano la malonda achilungamo ndi amisiri a eni nthaka, mufunse dzina la wosema ndi gawo limene iye alandire.

Sabata yatha, nditabwerera ku Perth, ndinadutsanso pa kasitolo kaja, dzina la mtundu umene amalume aja anatchula nditalilemba pakapepala, kuti ndimupatse bamboyo ndi kumupempha awalembere. Pamalo pa chigoba chija ndinapeza wotchi ya m'thumba. Anati chinagulidwa mwezi watha ndi munthu wina wapaulendo amene analipira ndi khadi osanenerera. Ndinafunsa kumene munthuyo amapita nacho. Anati sanafunse. Kapepala kanga ndinabwerera nako, ndipo kali m'chikwama changa mpaka pano. Ofesi yanu ikakafuna, ndidzakatumiza.

Ine wanu mwaulemu,
Mmalawi wokhala ku Western Australia